Sony BDP-S1700 pabalaza panga: DVD yokulitsidwa ndi Blu-ray yeniyeni, maso anga aona chiyani

Achemwali anga omwe amasamalira okalamba ku Leeds atabwera kutchuthi cha Khirisimasi, m'sutikesi mwawo munatuluka kabokosi kakuda kokulungidwa m'thaulo, kopepuka ngati mulibe kanthu. "Achimwene, inu ndi zimbale zanu zija, ndakupezerani aka." Inali Blu-ray player ya Sony, BDP-S1700, yogwirapo kale ntchito koma yosamalidwa bwino, pamodzi ndi zimbale 14 zomwe anatola m'mashopu a katundu wakale, china paundi imodzi, china mapaundi awiri. Pulagi yake ndi ya mano atatu ngati yathu yomwe ino, ndipo magetsi a ku Britain ndi a kuno mphamvu yake njofanana, choncho ndinangosomeka pakhoma basi.

Papita miyezi inayi ndikuigwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse magetsi akakhalapo. Anzanga awiri andifunsa funso limodzi lomwelo: ngati makinawa amakulitsa DVD kufika pa 1080p, womwe ndi mlingo wa chithunzi cha Full HD, ndiye zimbale za Blu-ray n'zachiyaninso? Funsoli linandikhudza chifukwa inenso ndinakhulupirirapo zimenezi. Zaka zingapo zapitazo ndinagula deki ya DVD m'shopu ina ku Limbe, pamwamba pake atamatapo kapepala konyezimira ka 1080p, ndipo mnyamata wogulitsayo anandiuza mosakayika kuti, "Bwana, iyi chimbale chilichonse mungaikemo chituluka HD." Ndinapita nayo kunyumba ndikuyembekezera zodabwitsa. Chithunzi chinayeradi poyerekeza ndi kale, koma HD imene ndinkaona pa mpira kwa aneba sinali imeneyo.

Mwayi wanga ngwoti mwa zimbale za achemwali zija, mabokosi atatu anali ndi filimu imodzi pa zimbale ziwiri, china Blu-ray china DVD. Ndiye zinali zotheka kuyesa mwachilungamo: filimu yomweyo, makina omwewo, chingwe cha HDMI chomwecho, TV yomweyo ya mainchi 43 yomwe ndi Full HD. Mwana wanga wamkulu ndiye ankasintha zimbale, ife titatembenukira kukhoma kuti tisadziwe chomwe waika.

Choyamba ndinene chimene upscaling ili, chifukwa mawuwa ndi amene amagulitsa katundu. Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. DVD ya PAL, yomwe ndi mtundu wa kuno ndi ku Britain, imasunga timadontho 720 chopingasa ndi 576 choimirira, tonse pamodzi 414,720. Ya ku America njocheperanso, 720 ndi 480. Blu-ray imasunga 1920 ndi 1080, tonse pamodzi 2,073,600. Mukagawa muona kuti ndi kasanu ndendende. Ndiye mukaika DVD pa TV ya Full HD, pa timadontho tisanu tilitonse ta pa sikirini, chimbale chabweretsa kamodzi kokha. Tinayi totsalato makina amachita kuyerekeza, poyang'ana timadontho toyandikana nato n'kudzaza pakatipo. Upscaling ndi imeneyo.

Bambo atamwalira mu 2014 tinasowa chithunzi chachikulu choika pamaliro. Tinatenga kachithunzi kakang'ono ka pa chiphaso chawo kupita nako kusitudiyo kuti akakulitse. Wojambulayo anayesetsa, anasalaza bwinobwino, ndipo ukaimira patali anali bambo enieni. Koma ukayandikira, makwinya a pamphumi pawo panalibe, imvi za m'mbali mwa makutu zinangokhala mbuu. Kachithunzi kakang'onoko sikanazisunge, ndiye palibe pomwe akanazitenga. DVD yokulitsidwa ili chimodzimodzi.

Chinthu china chomwe wogulitsa uja sanandiuze: TV iliyonse yamakono yopyapyalayi imakulitsa yokha chithunzi chilichonse chimene yalandira, apo ayi DVD ikanangooneka ngati kabokosi pakati pa sikirini. Ndiye funso si lakuti kodi chithunzi chikulitsidwa kapena ayi. Funso ndi lakuti akukulitsa bwino ndani, player kapena TV.

Tsopano zomwe tinaona. Filimu yoyamba ili ndi malo pamene bambo wina wokalamba wakhala pakhonde, kamera ili pafupi ndi nkhope yake. Pa DVD, nkhope inali yoyera bwino, mitundu yake yokhazikika, yosathothoka, m'mphepete mwa chipewa mosalala popanda mano a sowo. Mayi akunyumba ananena kuti, "Iyi ndiye Blu-ray imeneyi," ndipo ine sindinawatsutse chifukwa nanenso ndinaganiza choncho. Kenako mwana anasintha. Ndevu za mkuluyo zinaoneka imodzi imodzi. Jekete lomwe tinkaliona ngati la bulauni chabe linaoneka kuti ndi loluka ndi ulusi wamitundu iwiri, ndipo pakolala panali pothetheka. Kumbuyo kwake kunali chikwangwani chomwe pa DVD tinkangodziwa kuti palembedwa zinazake, apa tinawerenga mawu onse. Mayi akunyumba anangoti, "Aaa, ayi, ndalakwitsa."

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa anthu ambiri amakhutira ndi DVD yokulitsidwa. Ukaiona payokha siisowa kanthu. Diso silidandaula za ndevu zomwe silinazionepo. Kusiyana kumatulukira ukaika ziwirizo motsatizana, ndipo ukaona kamodzi, kubwerera kumavuta.

Nkhope yapafupi DVD imaikwanitsa ndithu. Pomwe imagwa ndi pa zithunzi zotambalala. Pali pena pomwe kamera ikuonetsa chigwa chonse, mitengo, ng'ombe patali, anthu akuyenda mumsewu wafumbi. Pa Blu-ray umatha kuwerenga ng'ombezo, masamba a mitengo ali paokhapaokha. Pa DVD mitengo inasanduka mitambo yobiriwira, anthu akutali aja ngati timiyala toyenda. Khamu la anthu, udzu, mvula ikugwa, madzi a mumtsinje, zonse zokhala ndi tinthu tambirimbiri toyenda nthawi imodzi, DVD imazisakaniza ngati phala. Ndipo apa chifukwa chake si timadontho tokha ayi. DVD imanyamula 4.7 GB, yamagawo awiri 8.5 GB, pamene Blu-ray imanyamula 25 GB kapena 50 GB. Kuti filimu ikwane pa DVD amaifinya kwambiri, ndi njira yakale ya MPEG-2, ndipo chithunzi sichingapitirire 9.8 Mbps, muyeso wa deta yomwe chimapatsidwa pa sekondi. Pa Blu-ray chimatha kufika 40 Mbps. Kufinyako kumaonekera kwambiri mumdima: pa filimu yachiwiri pali malo a usiku pomwe thambo la pa DVD linali ndi timabokosi togwederagwedera ndi mizere yamagawomagawo, pamene pa Blu-ray mdimawo unali wosalala, ndipo munthu wobisala pakona ankaoneka mapewa ake. Makina okulitsa sachotsa timabokosi timeneti. Nthawi zina amatikulitsa pamodzi ndi chithunzicho.

Mawu olembedwa pansi nawonso amaulula msanga. A pa DVD ndi okhakhala m'mphepete, ngati odulidwa ndi lumo lobuntha. A pa Blu-ray ndi osalala ngati a m'buku. Amayi anga ondibereka, omwe maso awo ayamba kufooka, anaona zimenezi asanaone china chilichonse.

Koma pali nkhani ya mtunda, imene kwa ine ndi yofunika kuposa manambala onsewa. Ndinatenga tepi yoyezera. Sofa yathu ili mamita atatu kuchokera pa TV. Pamenepo kusiyana kulipo koma si kwakukulu. Pa nkhope zapafupi tinkalakwitsa kawirikawiri, pa zithunzi zotambalala tinkalondola. Nditakhala pa kampando mita imodzi ndi theka kuchokera pa sikirini, panalibenso zokayika, DVD inali yofewa ngati ukuyang'ana kudzera pa galasi lopumirapo mpweya. Nditapita pa tebulo lodyera, kupitirira mamita anayi, sindinathe kusiyanitsa ngakhale pang'ono, ndipo sindinama. Choncho ngati TV yanu ndi ya mainchi 32, makamaka zija zolembedwa HD Ready zomwe zambiri timadontho take ndi 1366 ndi 768 basi, ndipo mumaonera muli kutali, ndalama ya Blu-ray musaivutikire. DVD yoyenera pa chingwe cha HDMI ikukwanirani.

Kwa aneba zinali zosiyana. Iwo ali ndi TV ya mainchi 55 ya 4K, timadontho 3840 ndi 2160. Ndinanyamula player kupita nayo kumeneko Loweruka lina. Pa sikirini imeneyo kadontho kamodzi ka DVD kayenera kudzaza malo a timadontho 20. Nkhope zinaoneka ngati zopakidwa sera, ndipo timabokosi ta mumdima tija tinkaoneka uli pakhomo. Blu-ray ija, ngakhale nayonso imachita kukulitsidwa pamenepo, inaoneka bwino kwambiri, chifukwa kwa iyo kadontho kamodzi kamadzaza tinayi tokha.

Chimene chinandidabwitsa koposa pa kuyesa konseku sichinali Blu-ray ayi, chinali chingwe. Ndinatulutsa deki yanga yakale ija n'kuilumikiza ndi zingwe zitatu zija, chachikasu, choyera ndi chofiira, monga nyumba zambiri zimachitira mpaka lero. Ndinaika DVD yomwe ija. Mitundu yofiira inatayikira kunja kwa malire ake, m'mphepete mwa zilembo munali timadontho toyendayenda ngati nyerere, chithunzi chonse chili mbuu. Chingwe chachikasu chimatenga kuwala ndi mitundu n'kuzipanikiza mu waya umodzi, TV n'kumavutika kuzilekanitsa. Nditabwezera HDMI pa deki yomweyo, zonsezi zinatha. Ndiye zambiri zomwe anthu amayamikira kuti ndi upscaling, kwenikweni ndi kusiya chingwe chachikasu. Ngati deki yanu ili ndi polowetsa HDMI kumbuyo ndipo mukugwiritsabe ntchito zingwe zitatu, gulani chingwe cha HDMI lero, chotchipa chomwe chimagwira bwinobwino. Kusintha kumeneko ndi kwakukulu kuposa kusiyana kwa deki yanga yakale ndi Sony iyi pa DVD.

Sikuti ziwirizi n'zofanana ayi. Sony imakulitsa mwaukhondo kuposa deki ija, makamaka pa mizere yopendekeka monga denga la nyumba kapena waya wa magetsi, pomwe deki yakale imaonetsa masitepe. Ndinayesanso kusiya TV yanga kuti ikulitse yokha, ndipo player inapambana pang'ono. Pa TV ya aneba, yomwe ndi yatsopano, sindinaone kusiyana.

Tikambe za zimbale za pamsika, chifukwa ndi zomwe ambiri tili nazo m'makabati. Zija za mafilimu 10 pa chimbale chimodzi, ena otanthauziridwa m'Chichewa ngati a m'mavidiyo shoo omwe tinakulira. Chimbale cha 4.7 GB mukachigawira mafilimu 10, iliyonse siipeza ngakhale theka la GB. Pa TV yachitumbo yakale zinkabisika, chifukwa sikirini inali yaing'ono ndipo inkafewetsa yokha chilichonse. Pa mainchi 43, kudzera mu Sony iyi, zinaoneka zoipa kuposa mmene ndinkazikumbukira: munthu akathamanga nkhope imasweka timabokosi. Makinawa alibe mlandu, akungoonetsa poyera zomwe zili pa chimbalepo. Chenjeraninso ndi zimbale zomwe pa chikuto pake asindikizapo chizindikiro cha Blu-ray koma zikugulitsidwa pamtengo wa DVD wamba. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani mu deki ya DVD. Ikasewera, si Blu-ray. DVD imawerengedwa ndi laser yofiira, Blu-ray imafuna ya buluu yopyapyala kwambiri, ndipo deki wamba ilibe imeneyo.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe ndinakapeza mwangozi. Filimu yomweyo pa DVD inkatha msanga ndi mphindi pafupifupi zisanu. Ndinayamba kuganiza kuti adula malo ena. Ayi. Mafilimu a m'sinema amajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, koma PAL imayenda 25, ndiye pa DVD amangoithamangitsa pang'ono. Filimu ya mphindi 120 imatha pa 115. Blu-ray imasunga 24 yeniyeniyo. Nditadziwa, ndinayamba kumva kuti mawu a anthu pa DVD ija ndi okwererako pang'ono. Za phokoso lenilenilo sindinenapo zambiri: Blu-ray imatha kunyamula mawu osafinyidwa, koma pa masipika a TV yanga sindinamve kusiyana kulikonse.

Musanatume m'bale wanu kuti akugulireni, dziwani zinthu ziwiri. Kumbuyo kwa BDP-S1700 kulibe polowetsa zingwe zitatu zija, chithunzi chimatulukira pa HDMI pokha, ndiye pa TV yachitumbo siigwira. Chachiwiri ndi zigawo. Zimbale zenizeni za m'mashopu zimatsekedwa potengera dera. Pa Blu-ray tili bwino, chifukwa Africa yense ndi Britain ali m'chigawo B. Pa DVD mpamene pali msampha: Britain ndi South Africa ali m'chigawo 2, Malawi ndi Zambia m'chigawo 5, America m'chigawo 1. Player yochokera ku Britain imayembekezera zimbale za chigawo 2 kapena zosatsekedwa. Uzani wokugulirani kuti player ndi zimbale zichokere dera limodzi. Zimbale zathu zojambulitsa kwa anyamata a makamera, za ukwati, chinkhoswe, kwaya, sizitsekedwa, zanga zonse zasewera.

Ena anena kuti masiku ano ndani akuoneranso zimbale, zonse zili pa intaneti. Kwa amene ali ndi intaneti yosawerengera, n'zoona. Koma Netflix payokha imanena kuti HD imatha kudya mpaka 3 GB pa ola. Filimu ya maola awiri ndi bandulo yathunthu, ndipo netiweki ikafooka madzulo chithunzi chimatsika chokha kufika poipa kuposa DVD. Chimbale ukagula wagula. Magetsi akazima pakati pa filimu, akabwera umapitiriza osalipiranso kanthu. Vuto lenileni la Blu-ray kuno ndi kupeza zimbalezo. Zanga zonse zinabwera m'sutikesi.

Ndasiyira dala kumapeto chimbale chomwe chinandichititsa kuti ndisangalale ndi makinawa. Ukwati wathu unali mu 2009, unajambulidwa ndi kamera ya tepi, kenako n'kuikidwa pa DVD. Blu-ray yake kulibe ndipo sidzakhalapo. Pa deki yakale ija, anthu akamavina manja awo ankang'ambika timizere ngati mano a chipeso, chifukwa makamera amenewo amajambula theka la mizere kenako theka linalo, ndipo makina ayenera kuzilumikiza. Sony iyi imalumikiza bwino kwambiri. Timizere tija tinatsala pang'ono kutheratu.

Ndinachita kukonzanso zinthu ziwiri pa TV. Ndinatsitsa sharpness, yomwe inali pamwamba kuyambira tsiku logula ndipo inkazunguliza munthu aliyense ndi kamzere koyera ngati wadulidwa n'kumatidwa. Ndinabwezeranso chithunzi pa 4:3. Zaka zonsezi tinkachitambasula kuti chidzaze sikirini, anthu onse n'kuoneka afupi ndi onenepa. M'mbali mwatsala mipata yakuda, koma aliyense wabwerera thupi lake.

Lamulungu lina titachoka kutchalitchi ndinaika chimbalecho amayi alipo. Inafika nthawi ya perekaniperekani. Bambo anatulukira kumanzere atavala suti yawo yotuwa, ndalama zili m'dzanja, akuvina pang'onopang'ono monga ankachitira, phewa limodzi lotsika. Ankaponya imodzi imodzi mu lichero. Ndalama zimenezo pa sikirini ndi timapepala tamitundu chabe. Nthawi imeneyo yaikulu inali K500, zonse zili ndi nkhope ya John Chilembwe, koma palibe makina angakuonetseni nkhopeyo kapena nambala yake. Nkhope ya bambo nayonso njofewa, maso awo ndi timadontho tiwiri takuda. Maluwa a pa chitenje cha amayi asakanikirana. Koma kayendedwe ka bambo kali bwinobwino, kosadukaduka, suti ili mtundu wake weniweni, ndipo msinkhu wawo wabwerera, pakuti anali munthu wamtali.

Amayi anasendeza mpando wawo kufupi, pamalo pomwe ine ndinapeza kuti DVD imaoneka yofewa kwambiri. Ndinafuna kuwauza kuti abwerere m'mbuyo pang'ono kuti aone bwino, koma ndinangokhala chete. "Bwezanso pamenepo," anatero. Mwana anabweza. Anaonera katatu.

Chimbale chimenechi ndi chojambulira pa kompyuta, cha pansi pofiirira, ndipo zoterezi sizikhalitsa ngati za kufakitale. Chayamba kale kudodoma pa gawo la malonje. Sabata yathayi ndinachikopera pa kompyuta ndi pa mafulashi awiri, monga chilili, osachifinyanso. Imodzi ili m'kabati muno, inayo achemwali adzaitenga akadzabweranso, ndipo ndawatumizira kale mayina a mafilimu asanu ndi limodzi oti akandifufuzire pa Blu-ray, makamaka a nyama zakutchire omwe ana amakonda.